Matenda Ofa Ziwalo Sabwera Tsiku Limodzi

Kodi m'mudzi mwanu muli munthu amene anafa ziwalo mbali imodzi ya thupi? Ngati mulibe, ndiye kuti ali m'mudzi woyandikana nanu. Poyenda amachita kukoka mwendo. Mkono uli lende, sugwira kanthu. Ena pakamwa panapotoka, ndipo akamayankhula mawu samveka bwino. Mukafunsa abale ake kuti chinachitika nchiyani, yankho limakhala lofanana kuli konse: "Anali bwino-bwino. Dzulo lake analima mpaka dzuwa kupendeka. M'mawa tinangoona kuti akulephera kudzuka."

Matenda amenewa a chipatala amawatcha sitiroko. Ife timangoti kufa ziwalo. Abale aja sanama ayi, munthu amagwadi mwadzidzidzi. Koma chimene chimabwera mwadzidzidzi ndi mathero ake okha. Matendawo amakhala atayamba kale-kale, mwina zaka 10 zapitazo, mwina kuposa apo.

Taganizani za mtanda wa denga umene walowa chiswe. Kunja umaoneka wolimba. Mumagona pansi pake chaka ndi chaka osadera nkhawa. Tsiku lina kugwa chimvula, denga lonse lili pansi. Anthu nkumati mvula yagwetsa nyumba. Koma mukatenga mtanda uja nkuuthyola, mupeza kuti m'kati mwake ndi dothi lokha-lokha. Mvula yangotsiriza ntchito imene chiswe chinayamba kale.

M'thupi la munthu chiswe chotere chilipo cha mitundu ingapo. Pano tikamba za mitundu iwiri imene yavuta kwambiri. Woyamba ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri amangoti BP. Wachiwiri ndi matenda a shuga. Munthu amene ali ndi amodzi mwa matenda awiriwa ali pa ngozi ya kufa ziwalo. Amene ali nawo onse awiri, ngozi yake ndi yaikulu koposa.

Njira za magazi

Mtima wanu uli ngati pampu. Umapopa magazi usana ndi usiku osapuma, ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi. Magaziwo amayenda m'timipopi timene timati mitsempha ya magazi. Mitsempha ina ndi yaikulu ngati chala, ina ndi yaing'ono kuposa tsitsi. Ntchito ya magazi ndi kunyamula chakudya ndi mpweya wabwino kupita nazo ku ziwalo zonse.

Chiwalo chimene chimafuna magazi koposa ndi ubongo. Ubongo ndi waung'ono, kulemera kwake sikupitirira kilogalamu imodzi ndi theka. Koma ndi wadyera. Pa mpweya wonse umene thupi limagwiritsa ntchito munthu atakhala phee, gawo limodzi mwa magawo 5 limapita ku ubongo. Ndiponso ubongo ulibe nkhokwe. Sutha kusunga chakudya cha mawa. Magazi akaleka kufika pa malo ena kwa mphindi zochepa chabe, malo amenewo amayamba kufa.

Tsono ubongo ndi umene umalamulira mkono, mwendo, lilime ndi maso. Mbali ya kumanzere ya ubongo imalamulira kumanja kwa thupi, ya kumanja imalamulira kumanzere. Mwa anthu ambiri, kuyankhula kumachokera ku mbali ya kumanzere ya ubongo. Nchifukwa chake munthu amene wafa ziwalo za kumanja kawiri-kawiri amavutikanso kuyankhula. Apa mwaona kuti vuto silili m'mkono ayi. Mkono uli bwino, koma mfumu yake ndi imene yavulala.

Magazi amaleka kufika ku ubongo m'njira ziwiri. Njira yoyamba, imene imachitika kwambiri, ndi kutsekeka kwa mtsempha. Inu a m'madimba mukudziwa zimene zimachitika ngalande ikatsekeka ndi matope. Mabedi a kutsogolo amauma, ngakhale kumtsinje madzi alipo ambiri. M'mitsempha namonso mumaunjikana mafuta pang'ono-pang'ono, njira nkumachepa. Tsiku lina magazi amaundana pamenepo, njira nkutsekeka yonse.

Njira yachiwiri ndi kuphulika kwa mtsempha. Mukapopa chubu cha njinga mopitirira muyeso tsiku ndi tsiku, chimaphulika pamalo pamene pali pofooka. Mtsempha ukaphulika m'mutu, magazi amatayikira mu ubongo nkuufinya. Mtundu umenewu umapha msanga, ndipo umakonda kugwira anthu a BP amene sakumwa mankhwala.

Dzina limene limatisokoneza

Ine ndimaona kuti dzina lakuti "kuthamanga kwa magazi" latisocheretsa anthu ambiri. Tikamva zakuti kuthamanga, timaganiza kuti munthu adzamva mtima ukugunda kwambiri, kapena mutu ukuwawa, kapena chizungulire. Ndiye timati, "Ine ndilibe BP, sindimva kanthu." Pepani abale anga, si mmene zilili. Nkhani si liwiro la magazi ayi. Nkhani ndi mphamvu imene magazi amakankha nayo makoma a mitsempha, monga mpweya umakankhira chubu chija. Njinga ingathe kukhala itaima pa khonde, koma chubu chili gwa ndi mpweya.

Anthu ambiri a BP samva kupweteka kuli konse. Amadya bwino, amalima, amaseka. Ena amayamba kudziwa kuti ali ndi BP pa tsiku limene agwa. Si matenda a anthu onenepa okha, kapena a mabwana a m'tauni okha. Agogo owonda a kumudzi nawonso amakhala nawo.

M'chaka cha 2009, Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO unayeza anthu ambiri a zaka za pakati pa 25 ndi 64 m'Malawi muno, kumudzi ndi m'tauni momwe. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa anthu atatu ali onse anali ndi BP yokwera. Chodandaulitsa nchakuti mwa anthu 10 otere, oposa 9 sankadziwa kuti ali ndi matendawa. Tawerengani akulu-akulu amene mumakhala nawo pa msonkhano wa mfumu, ndipo muganize bwino za nambala imeneyi.

Njira yodziwira ndi imodzi yokha basi: kuyezetsa. Amakukulungani kansalu pa mkono, nkupopa mpweya. Sikupweteka, sakutengani magazi, ndipo sikutha mphindi 5. Musanayezedwe, khalani pansi mupumule pang'ono, maka-maka ngati mwayenda mtunda wautali.

Akatha amalemba manambala awiri m'buku lanu la kuchipatala, ina pamwamba ina pansi, motere: 120/80. Nambala ya pamwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima ukupopa. Ya pansi ndi mphamvu yake pamene mtima ukupuma pang'ono usanapopenso. Manambala a pafupi ndi 120/80 ndi abwino. Ngati ya pamwamba yafika 140 kapena kuposa, kapena ya pansi yafika 90 kapena kuposa, ndiye kuti BP yakwera. Koma kuyeza kamodzi sikukwanira. Adzakuuzani kuti mubwerenso tsiku lina, ndipo mubwereredi. Popeza tsopano manambala mumawerenga nokha, tsegulani bukulo muone. Ndi manambala a thupi lanu, si chinsinsi cha adokotala.

Nanga shuga amalowa bwanji pamenepa?

Nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga zikalowa m'mimba zimasanduka shuga. Shuga ameneyu amalowa m'magazi, ndipo ndi amene amatipatsa mphamvu. Thupi limapanga madzi ena otchedwa insulini, amene amatsegula njira kuti shuga achoke m'magazi alowe m'minofu. Insulini akachepa, kapena akaleka kugwira bwino ntchito, shuga amangodzaza m'magazi. Amenewo ndiwo matenda a shuga.

Ena amamva ludzu losatha, amakodza pafupi-pafupi maka-maka usiku, amaonda ngakhale akudya, amatopa, saona bwino, ndipo zilonda zawo sizipola msanga. Koma enanso ambiri amatha zaka osamva kanthu. Pa kuyeza kwa 2009 kuja anapeza kuti pafupi-fupi anthu 6 mwa anthu 100 anali ndi shuga wokwera.

Poyeza amabaya pa chala nkutenga kadontho ka magazi. Ngati mwayezedwa m'mawa musanadye kanthu, nambala ya 126 kapena kuposa ikuonetsa kuti shuga wakwera. Makina ena salemba 126 koma 7. Musadabwe, muyeso wake ndi umodzi, monga mmene mtunda womwewo ena amaunena m'mamailosi, ena m'makilomita.

Shuga wochuluka amakanda m'kati mwa mitsempha. Pamalo pokandika mafuta amamatirira mosavuta, ndipo magazi amaundana msanga. Motero munthu wa shuga ali pa ngozi ya sitiroko pafupi-fupi kawiri kuposa mnzake wa msinkhu womwewo amene alibe shuga. Shuga amaononganso impso, ndipo impso zikaonongeka BP imakwera. Nchifukwa chake matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi ngati mbuzi za khola limodzi. Shuga amafooketsa mtsempha, BP nkumaukankha. Choncho ngati muli ndi shuga, musakhutire ndi kubayidwa pa chala kokha. Tambasulaninso mkono akuyezeni BP ulendo uli wonse. Kwa munthu wa shuga, kutsitsa BP ndi chinthu chachikulu pa kupewa kufa ziwalo, ndipo adokotala angafune kuti manambala ake atsike kufika cha m'ma 130/80.

Nkhani ya hamala

Tisabisane. Munthu akagwa mwadzidzidzi nkufa ziwalo, m'midzi yambiri timamva kuti "amumenya ndi hamala." Ndipo maso onse amapita kwa gogo wina wosauka, kapena m'bale amene anakangana naye za munda. Nzomveka kuti anthu amafuna chifukwa, pakuti munthu anali wamphamvu dzulo lomweli. Koma madokotala akajambula mutu wa munthu wotere ndi makina, amaona mtsempha wotsekeka kapena magazi otayika. Akamuyeza, kawiri-kawiri amapeza BP ili pamwamba.

Madokotala amene anafufuza odwala sitiroko pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre analengeza zimene anapeza m'chaka cha 2016. Anapeza kuti chimene chinali patsogolo kubweretsa matendawa ndi BP. Chachiwiri chinali kachilombo ka HIV, maka-maka mwa anthu a zaka zochepa amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinali chitatsika kwambiri. Tsono inu amene mumalandira ma ARV, musawasiye, ndipo pemphani kuti azikuyezaninso BP pamene mukukalandira mankhwala.

Nkhani ya hamala imapweteka anthu awiri. Wodwala amachedwa kufika kuchipatala. Wonamiziridwa uja amathamangitsidwa m'mudzi, mwina kumenyedwa kumene. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1911, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Mankhwala amene sasiyidwa

Pano ndi pamene ambiri timagwa, ndiye werengani mofatsa.

Tinazolowera mankhwala a malungo. Mumamwa masiku atatu, mwachira, nkhani yatha. Mankhwala a BP ndi a shuga si otero ayi. Sachotsa matendawa. Amangowagwira kuti asaononge, monga mmene chingwe chimagwirira mbuzi kuti isalowe m'munda. Mukamasula chingwe chifukwa mbuzi yakhala phee mwezi wathunthu, mawa muipeza m'chimanga.

Zimachitika motere. Bambo apita kuchipatala, awapeza ndi 170/100, awapatsa mankhwala. Amwa miyezi iwiri. Atabwerera, anamwino awauza kuti, "Lero zili bwino, 130/80." Bambo aja akondwa, afika kunyumba nkunena kuti achira, mankhwala nkuwasiya. Koma nambala yabwino ija inabwera chifukwa cha mankhwalawo. Pakangopita masiku kapena masabata ochepa BP yakweranso, iwo osamva kanthu. Anthu ambiri amene amagonekedwa m'zipatala atafa ziwalo ndi otere: ankadziwa kuti ali ndi BP, koma analeka kumwa mankhwala.

Ena amamwa pokha-pokha mutu ukawawa. Kumeneko nkudzinamiza, chifukwa tanena kale kuti BP siimveka. Imwani tsiku lili lonse, pa nthawi yomweyo. Ikani mankhwala pamalo pamene mumafika m'mawa uli wonse, koma patali ndi ana. Mukaiwala tsiku limodzi, mawa lake musamwe owirikiza.

Ena amasiya chifukwa mankhwala akuwasowetsa mtendere, ndipo madandaulo awo ndi oona. Mankhwala a BP otchedwa HCT amakodzetsa. Amlodipine amatupitsa mapazi anthu ena. Enalapril amayambitsa chifuwa chouma mwa ena, ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa ameneyu. Metformin, amene ndi wa shuga, amatha kutsegula m'mimba masiku oyamba, choncho ndi bwino kumwa pa nthawi ya chakudya. Mukaona zotere musangosiya mwakachetechete. Bwererani mukanene, pakuti mankhwala alipo a mitundu ingapo ndipo angathe kukusinthirani. Abambo ena amaona kuti mphamvu za m'nyumba zachepa, nkuchita manyazi kunena. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Dziwani kuti shuga ndi BP zosasamalidwa nazonso zimachepetsa mphamvu zimenezo.

Nzoona kuti nthawi zina mumayenda mtunda wautali nkukauzidwa kuti mankhwala atha. Zimawawa. Chimene mungachite nchakuti muzipita mankhwala asanathe, kutatsala sabata imodzi. Pemphani akulembereni bwino dzina la mankhwala ndi kukula kwake, kuti ngati mungathe mukagule ku sitolo ya mankhwala yovomerezeka, osati pa msika. Musabwereke mankhwala a mnzanu, ngakhale nayenso ndi wa BP.

Nanga adyo, chammwamba ndi masamba ena amene anthu amatchula? Adyo ndi chammwamba ndi zakudya zabwino, idyani. Koma sizilowa m'malo mwa mankhwala. Wina akakuuzani kuti botolo lake limachotseratu shuga ndi BP, gwirani thumba lanu. Ndipo inu opemphera, pempherani ndithu, uku mukumwa mankhwala.

Chenjeraninso ndi mankhwala opha ululu monga Brufen ndi Indocid, amene ambiri amagula okha chifukwa cha msana ndi mawondo. Akamwedwa kawiri-kawiri amakweza BP ndi kuononga impso. Amayi amene mumamwa mapiritsi olera, auzeni anamwino ngati muli ndi BP, kuti akusankhireni njira yoyenera.

Za m'mbale ndi za m'botolo

Mchere umasunga madzi m'thupi, ndipo madzi akachuluka m'mitsempha BP imakwera. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku. Ameneyo ndi mchere wosadzaza supuni yaing'ono ya tiyi, pa zakudya zonse za tsiku lonse. Tsono taganizani mchere wa m'ndiwo za masana, wa m'ndiwo za madzulo, wina wowaza pa mbale musanalawe nkomwe, wina wa pa chipisi ndi kanyenya. Palinso mchere wobisala, umene uli mu nsomba zouma zothira mchere, mu buledi, m'timibulu tokometsera ndiwo, ndi mu soda wophikira therere. Nsomba za mchere ziviikeni m'madzi musanaphike, madziwo mutaye.

Amayi, musaphikire wodwala kamphika kake-kake kopanda mchere pamene ena onse akudya za mchere. Sapirira, adzayamba kuba mchere. Chepetsani mchere mu mphika wa banja lonse, pang'ono-pang'ono. Pakatha masabata angapo lilime limazolowera. Tomato, anyezi ndi nsinjiro zimakometsa ndiwo ngakhale mchere uli wochepa.

Wa shuga sanaletsedwe nsima ayi. Achepetse mitanda, achulukitse masamba ndi nyemba, ndipo mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera. Mdani wamkulu ndi shuga wakumwa. Botolo limodzi la zakumwa zotsekemera za m'sitolo lingathe kukhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 7 kapena 8. Onjezani wa mu tiyi ndi wa mu thobwa.

Za fodya sindichulutsa mawu. Kaya ndi ndudu za m'sitolo, kaya ndi chingambwe, fodya amaononga mitsempha ndi kuundanitsa magazi. Wa BP kapena shuga amene akusuta akuthira palafini pa moto. Mowa wambiri nawonso umakweza BP, maka-maka kumwa kwa tsiku lonse kwa pa malipiro ndi pa zikondwerero. Inu olima, thupi lanu limagwira ntchito kale. Koma inu amene mumakhala pa benchi ya malonda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, yendani ndawala mphindi 30 pa tsiku, masiku 5 pa sabata.

Tsiku la ngozi

Zizindikiro za sitiroko zimabwera mwadzidzidzi. Mukakayika, chitani zinthu zitatu. Muuzeni munthuyo amwetulire, muone ngati pakamwa papotokera mbali imodzi. Muuzeni akweze mikono yonse iwiri, muone ngati umodzi ukugwa. Muuzeni atchule dzina lake ndi la mudzi wake, mumve ngati mawu akumveka. Chimodzi chokha mwa zitatuzi chikalakwika, nyamukani nthawi yomweyo. Zizindikiro zina ndi kusaona mwadzidzidzi, kudzandira ngati woledzera pamene sanamwe, ndi mutu woopsa umene sanaumvepo chibadwire.

Musadikire kuti kuche. Musayambe mwaitana abale a kutali kuti mudzakambirane. Kumbukirani nthawi imene zayamba, pakuti adokotala adzafunsa. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa. Ngati wakomoka kapena akusanza, mugonekeni chammbali.

Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala ali onse. Sitiroko imafooketsa pakhosi, ndipo chimene mwamupatsa chingathe kulowa m'mapapo nkuyambitsa chibayo. Chibayo chotere chimapha anthu ambiri amene akanapulumuka. Musamupatse asipirini. Ngati mtsempha waphulika, asipirini amachititsa kuti magazi atayike ambiri. Asiyireni adokotala kuti aone ngati akufunika.

Kwa anthu a shuga pali chinthu china. Amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide, akapanda kudya, shuga amatha kutsika kwambiri. Munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amamva njala ndi kusokonezeka, ndipo nthawi zina zimafanana ndi sitiroko. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza bwino, mupatseni madzi a shuga. Ngati sakutha kumeza, kapena sakusintha pakapita mphindi 15, thamangani naye, ndipo mukangofika nenani kuti ndi wa shuga.

Wina adzafunsa kuti, "Kuchipatala akamuchita chiyani, poti ziwalo zafa kale?" Zilipo zambiri. Amayeza shuga ndi BP nkuzikonza mosamala. Amaona ngati si matenda ena ofanana ndi sitiroko. Amaona ngati akutha kumeza, ndipo ngati sakutha amamudyetsa ndi kapaipi kodzera m'mphuno. Mbali ya ubongo yozungulira pamene pavulala imakhala isanafe, ndipo chisamaliro cha masiku oyamba chimathandiza kuti ipulumuke.

Pali sitiroko ina yaing'ono imene imanyenga. Mkono umachita dzanzi nkufooka, kapena lilime limalemera, koma pakapita mphindi zingapo zonse zabwerera mwakale. Munthu nkuseka, nkumati, "Kanali kamphepo chabe." Iyayi, limenelo ndi chenjezo. Sitiroko yaikulu imakonda kutsatira m'masiku ochepa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mukumva bwino.

Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli munthu wa BP kapena shuga, kambiranani lero za kayendedwe. Galimoto kapena ngolo ya pafupi ndi ya yani? Nambala yake ya foni muli nayo? Ndalama ya ulendo ili pati? Munthu wofooka mbali imodzi sangathe kudzigwira yekha pa njinga. Akulu-akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse.

Akabwera kunyumba

Ambiri amene apulumuka amayambanso kuyenda ndi kudzithandiza, ena kwathunthu, ena pang'ono. Kusintha kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu mpaka 6 yoyamba, choncho miyezi imeneyi isapite munthu atangogona m'nyumba ya mdima. A mafizo kuchipatala adzakuonetsani mmene mungapindire ndi kuongola mkono ndi mwendo tsiku ndi tsiku, ndi mmene mungamuphunzitsire kukhala tsonga, kuima ndi kuyenda. Ku Blantyre kuli malo otchedwa Kachere amene amagwira ntchito imeneyi, koma yambani mwafunsa pa chipatala chanu cha boma. Chimene angathe kuchita yekha, musiyeni achite, ngakhale achedwe.

Amene sakutha kutembenuka yekha, mutembenuzeni pakapita maora awiri ali onse, kuti asachite zilonda za pamsana ndi m'chiuno. Pomudzutsa musakoke mkono wofooka, mungagulule phewa. Pomudyetsa mukhazikeni tsonga, mupatseni pang'ono-pang'ono. Akamatsamwa kapena kutsokomola pakudya, kanenani kuchipatala. Musamuyandikize ku moto kapena kumuthowa ndi madzi otentha kwambiri, chifukwa mbali yakufayo mwina siimva kutentha ndipo angapse osadziwa. Musamuteme mphini. Tanena kale kuti vuto lili mu ubongo, osati m'mkono, ndipo kwa munthu wa shuga kabala kakang'ono kangathe kusanduka chilonda chachikulu.

Amene akulephera kuyankhula sanapenge ayi. Ambiri amamva zimene mukunena, koma mawu akuwakana kutuluka. Musamunene ngati palibe. Yankhulani naye mwaulemu monga kale, mufunseni mafunso ofuna "inde" kapena "ayi," ndipo mudikireni. Ena amalira msanga kapena kukwiya msanga. Ndi matenda omwewo, musamutaye mtima.

Munthu amene wadwalapo sitiroko kamodzi ali pa ngozi yaikulu yodwalanso kachiwiri. Mankhwala ake a BP ndi a shuga tsopano ndi ofunika kuposa kale, ndipo pakhale munthu mmodzi m'banjamo woonetsetsa kuti wamwa ndi kuti tsiku lobwerera kuchipatala silinadumphidwe. BP ndi shuga zimayendanso m'magazi a pa mtundu. Tsono inu ana ake ndi abale ake, pa tsiku limene mwamuperekeza kuchipatala, musangokhala pa benchi kudikira. Pemphani anamwino akuyezeni nanunso, ndipo manambalawo akulembereni m'buku lanu.